Zikhadabo za Mphaka: Khungwa la ku Amazon Lomwe Likugulitsidwa ngati Chishango cha Thupi

Ku Iquitos, mzinda wa kumpoto chakum'mawa kwa Peru, msewu wochokera ku likulu la dzikolo sufikako. Wofuna kupitako amakwera ndege, apo ayi boti la pamtsinje. Mumsika waukulu wa Belén muli kanjira kopanikiza kotchedwa Pasaje Paquito, ndipo kumeneko n'kwa azitsamba okhaokha. Pamabenchi pali mabotolo a mizu yoviikidwa m'kachasu wa nzimbe, masamba ouma, mafuta onunkhira, komanso timitolo ta makungwa ofiirira tomangidwa ngati nkhuni zogulitsa m'mbali mwa msewu. Munthu akangotchula kuti uña de gato, wogulitsa sachita kufunafuna. Amangotambasula dzanja n'kutola kamtolo kamodzi.

Dzinali ndi la Chisipanishi, ndipo limatanthauza chikhadabo cha mphaka. M'masitolo a ku London, New York ndi Johannesburg khungwa lomwelo limapezeka litaperedwa n'kuikidwa m'makapisozi, pabotolo atalembapo cat's claw, ndipo pansi pake pali lonjezo loti limathandiza chitetezo cha m'thupi. Lonjezo limeneli ndi lomwe lagulitsa khungwali kwa zaka zoposa 30. Koma amene wawerenga bwino kafukufuku wa chomerachi amapeza nkhani ina, yosangalatsa kuposa ya pabotolo, komanso yofunika kwambiri kwa munthu amene ali kale pamankhwala a kuchipatala.

Chomera chokwera ndi minga

Zikhadabo za mphaka si mtengo woima paokha. Ndi chomera choyanga, cha tsinde lolimba ngati mtengo, chomwe chimakwera mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango mpaka mamita 30 pofunafuna dzuwa. Pomwe pamera masamba pamatuluka minga iwiri yopindika, ndipo ndi imeneyi chimakolera panthambi pokwera. Aliyense amene anakandidwapo ndi mphaka akaiona mingayo safunsanso kumene dzina linachokera.

Mitundu yomwe imagwiritsidwa ntchito ngati mankhwala ilipo iwiri. Wotchuka kwambiri ndi Uncaria tomentosa, wa masamba a ubweya kunsi kwake ndi maluwa oyera mwachikasu. Winawo ndi Uncaria guianensis, wa minga yopindika kwambiri ndi maluwa ofiirira. Yonse ili m'banja la zomera lotchedwa Rubiaceae, momwenso muli khofi ndi cinchona, mtengo womwe khungwa lake linapatsa dziko kwinini wochiza malungo. Alenje a m'nkhalango amachidziwa chomerachi pa chifukwa chinanso: ukadula tsinde lake n'kulipendeketsa, mumatuluka madzi oyera oti munthu n'kupha nawo ludzu.

Amene amatchulidwa kwambiri pa chomerachi ndi anthu a mtundu wa Asháninka, okhala m'zigwa za mitsinje ya Ene, Tambo ndi Perené pakati pa dziko la Peru, ngakhale kuti a mitundu ya Shipibo ndi Awajún nawonso amachigwiritsa ntchito. Iwo amaphika khungwa la mkati kapena la muzu n'kumwa madzi ake owawa pofuna kuchiza nyamakazi, zilonda za m'mimba, kutupa ndi mabala osapola msanga. M'madera ena amayi ankamwa madzi ake okhathamira pofuna kupewa kutenga pathupi. Mfundo yomalizayi ndi yoyenera kuisunga, chifukwa ikusonyeza kuti eni ake sankalitenga khungwali ngati tiyi wa m'mawa. Ankalidziwa kuti ndi mankhwala amphamvu, okhala ndi nthawi yake ndi munthu wake.

Ulendo wopita ku Ulaya

M'zaka za m'ma 1970, Klaus Keplinger wa ku Austria anafika kwa a Asháninka n'kuyamba kuphunzira kwa asing'anga awo. Anatenga mizu kupita nayo kwawo, komwe akatswiri a ku Innsbruck ndi ku Munich anayamba kuipima. Anapezamo gulu la mankhwala achilengedwe lotchedwa oxindole alkaloids, ena mwa iwo ndi mitraphylline, pteropodine ndi isopteropodine. Atawathira pa maselo oyera a magazi m'mbale za mulabotale, anaona kuti maselowo akumeza tizilombo mwachangu kuposa kale. Apa ndi pomwe panabadwira mbiri yoti zikhadabo za mphaka zimadzutsa asilikali a m'thupi.

Keplinger ananenanso chinthu china chomwe chinadzetsa mtsutso. Iye anati zomera zooneka zofanana ndendende zili m'magulu awiri: zina zili ndi ma alkaloid omwe amathandiza chitetezo, zina zili ndi a mtundu wa rhynchophylline omwe amagwira mitsempha ndi mtima, n'kufooketsanso mphamvu ya oyamba aja. Anati asing'anga a Asháninka amadziwa kusankha chomera choyenera, chomwe amachitcha savéntaro. Pa maziko amenewa kampani ya Immodal ya ku Austria inapanga mankhwala otchedwa Krallendorn. Ofufuza ena sanagwirizane naye pa zonse, ndipo kupima kwa pambuyo pake kunasonyeza kuti kuchuluka kwa ma alkaloid kumasintha ngakhale m'chomera chimodzi chomwecho malinga ndi nyengo. Kwa wogula, tanthauzo lake n'losavuta kumva: mabotolo awiri olembedwa dzina limodzi angathe kukhala ndi zinthu zosiyana kwambiri mkati mwake.

Zaka za mantha ndi malonda

Khungwali linatchuka padziko lonse m'zaka za m'ma 1990, ndipo si mwangozi. Edzi inali ikupha anthu popanda mankhwala odalirika, chifukwa njira yophatikiza ma ARV atatu inadzayamba mu 1996, ndipo m'mayiko osauka inachedwa kwambiri kufika. Chilichonse chomwe chinkamveka kuti chimakweza chitetezo chinkathamangiridwa. Kuno kwathu anthu akukumbukira 1995, pomwe khwimbi la anthu linkakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe. Chaka chomwecho dziko la Peru linatumiza kunja matani oposa 700 a khungwa la uña de gato. Mantha anali amodzi, mbali zonse ziwiri za nyanja.

Ku Latin America moto unakolezedwanso ndi Andrés García, katswiri wa mafilimu wa ku Mexico, yemwe ankauza anthu poyera kuti khungwali linamuthandiza kugonjetsa khansa ya prostate, ndipo iye mwini analowa m'malonda ake. Ku United States lamulo la 1994 lokhudza zowonjezera pa chakudya linalola makampani kugulitsa zitsamba popanda kuyamba atsimikizira bungwe la FDA kuti zimagwira ntchito, bola asalembe kuti zimachiza matenda akutiakuti. Ichi n'chifukwa chake mabotolo amalemba mawu ozungulira onena za kuthandiza chitetezo. Mawuwo sanasankhidwe ndi dokotala. Anasankhidwa kuti adutse pansi pa lamulo.

Pali mbali ya nkhaniyi yomwe otsatsa malonda satchula, ndipo ndi yowawa. Nthawi yomwe dzina la Asháninka linkalembedwa m'timabuku tokopa ogula ku Ulaya ndi ku America, anthuwo anali pakati pa nkhondo ya zigawenga za Sendero Luminoso ndi asilikali a boma. Komiti yofufuza choonadi ya dziko la Peru, mu lipoti lake la 2003, inayerekeza kuti a Asháninka pafupifupi 6,000 anafa, 10,000 anathawa m'midzi yawo, ndipo 5,000 anasungidwa ngati akapolo m'misasa ya zigawengazo. Dziko linatenga nzeru zawo n'kuziika m'botolo pomwe eni nzeruwo ankaikidwa m'manda.

Nkhalango nayo inamva kuwawa. Okolola ankalowa mkati kudula zomera zakale, kusenda khungwa n'kugulitsa kwa mavenda a ku Pucallpa ndi Iquitos pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa kapisozi ku sitolo ya kunja. Mu 1999 boma la Peru linaika malire pa kutumiza kunja khungwa losakonzedwa lomwe silinachokere m'malo osamalidwa. Masiku ano zambiri zogulitsidwa zimachokera ku khungwa la tsinde osati muzu, chifukwa chomera chodulidwa pamwamba chimaphukanso, pomwe chozulidwa chatha basi.

Zomwe anapeza atayesa pa anthu

Mbale ya mulabotale si thupi la munthu. Zinthu zambiri zimapha tizilombo kapena kudzutsa maselo m'mbale, koma zikamwedwa zimaphwanyidwa m'mimba ndi m'chiwindi zisanafike kulikonse. Choncho funso lenileni ndi loti: atawapatsa anthu odwala, chinachitika n'chiyani?

Kafukufuku wodziwika kwambiri ndi wa ku Innsbruck, wotsogozedwa ndi Erich Mur, yemwe anasindikizidwa mu 2002. Anatenga anthu 40 odwala nyamakazi yotupitsa mfundo za mafupa, onse ali kale pamankhwala a kuchipatala. Ena anawapatsa makapisozi a Uncaria tomentosa, ena makapisozi ofanana nawo koma opanda mankhwala, ndipo wodwala ngakhale dokotala sankadziwa kuti ndani akumwa chiyani. Patatha masabata 24, mfundo zopweteka zinachepa ndi 53 peresenti mwa omwe ankamwa chitsambacho, pomwe mwa enawo zinachepa ndi 24 peresenti.

Chaka cha 2001 ku Peru, José Piscoya ndi anzake anayesa Uncaria guianensis pa anthu 45 a nyamakazi ya m'mawondo kwa masabata anayi. Ululu wobwera poyenda ndi pogwira ntchito unachepa, koma wa usiku ndi wa pomwe munthu wangokhala sunasinthe kwenikweni.

Ziwerengero zimenezi n'zolimbikitsa, ndipo si zoyenera kuzinyoza. Koma anthu 40 ndi 45 ndi ochepa, osakwana n'komwe kalasi imodzi ya pulayimale ya kwathu kuno. Chofunika kwambiri ndi kuona matenda omwe anayesedwa. Nyamakazi yotupitsa mfundo ija imabwera chifukwa asilikali a m'thupi achita ukali wopitirira, n'kuyamba kuukira thupi lawo lomwe. Chomwe chimathandiza wodwala wotere ndi kuwatontholetsa asilikaliwo. Ndipo ndi zomwezo zomwe Manuel Sandoval, wofufuza wa ku Peru, ndi anzake anaona mulabotale cha m'ma 2000: madzi a khungwali ankachepetsa TNF-alpha, kamthenga komwe thupi limatumiza likafuna kuyatsa moto wa kutupa.

Ndiye kuti umboni wooneka bwino womwe ulipo ukuloza ku kuziziritsa, pomwe botolo likulonjeza kukweza.

Pa nkhani ya kukweza chitetezo yeniyeniyo, kafukufuku yemwe amatchulidwa kawirikawiri ndi wa 2001 wa gulu la Ronald Pero wa ku yunivesite ya Lund ku Sweden. Kagulu kochepa ka amuna kanamwa mankhwala otchedwa C-Med-100, opangidwa kuchokera ku khungwali, kenako n'kulandira katemera wa chibayo. Patapita miyezi, zoteteza zomwe katemerayo amapangitsa m'magazi zinaoneka kuti sizinatsike msanga mwa iwo poyerekeza ndi anzawo. Komabe chomwe anapima ndi magazi, osati kuchuluka kwa omwe anadwala chibayo, ndipo Pero yemweyo ndi amene anapanga mankhwalawo. Mpaka lero bungwe la boma la America loona za mankhwala a zitsamba, NCCIH, limanena kuti palibe umboni wokwanira wochokera pa anthu wosonyeza kuti zikhadabo za mphaka zimachiza matenda aliwonse. Nthawi ya Covid-19 khungwali linatchukanso chifukwa cha zomwe zinaoneka m'mbale za mulabotale ku Colombia, koma sizinafike potsimikizika pa odwala.

Maboma nawo sanalankhule chimodzi. Ku Brazil, unha-de-gato ili pamndandanda wa mankhwala ofunika a zipatala za boma, pakati pa zitsamba 12 zomwe zinaikidwapo, ndipo ntchito yomwe inalembedwa ndi ya nyamakazi. Ku Ulaya, komiti ya zitsamba ya European Medicines Agency inaunika khungwali mu 2015 n'kupeza kuti umboni sunakwane kuti ilembe chikalata cholivomereza.  A ku Brazil anaona kuti umboni wa pa nyamakazi ndi wokwanira kuti ayesere, a ku Ulaya anafuna zambiri. Palibe mwa iwo amene analemba kuti munthu wabwinobwino azimwa tsiku ndi tsiku kuti asadwale chimfine.

Chitetezo si madzi a m'thanki

Mawu oti kukweza chitetezo amamveka bwino chifukwa amapereka chithunzi cha thanki yomwe ikatsika umangothiramo madzi. Kwa anthu omwe anazolowera kumva za CD4 kuchipatala, chithunzichi n'chosavuta kuchikhulupirira: nambala ikakwera ndiye kuti zili bwino. Koma CD4 ya munthu yemwe ali ndi HIV imakwera chifukwa ma ARV aletsa kachilombo kuswana, osati chifukwa wina wakankha asilikali kumbuyo. Ndipo kwa munthu wopanda vutoli, chitetezo chili ngati moto wa pamafuwa: ukachepa nsima sipsa, ukachuluka umapsereza ndi denga lomwe. Matenda a lupus, nyamakazi yotupitsa ija, ndi mtundu wa shuga womwe umayamba paubwana, onsewa ndi moto wopitirira.

Mu 1997 madokotala a ku United States analemba za mayi wina wa lupus yemwe impso zake zinafooka mwadzidzidzi atayamba kumwa makapisozi a khungwali, ndipo zinayambanso kugwira bwino atasiya. Mu 2008 madokotala a ku Lima analemba za munthu wa matenda a Parkinson yemwe kunjenjemera ndi kuuma kwa thupi kunakula atamwa uña de gato, n'kuchepa atalekeza. Nkhani ya munthu mmodzi siitsimikiza kalikonse payokha, monganso umboni wa Andrés García sunatsimikize kuti khungwali limachiza khansa. Koma munthu amene akulandira umboni wa wochira ayeneranso kumvetsera wa wovulala.

Kwa anthu ambiri athanzi omwe anamwa kwa nthawi yochepa, zovuta zomwe zinaoneka ndi zazing'ono: mutu, chizungulire, nseru, kutsegula m'mimba. Chenjezo lalikulu limapita kwa amayi oyembekezera kapena ofuna kutenga pathupi, kwa omwe anaikidwa impso kapena chiwalo china cha munthu wina ndipo akumwa mankhwala otontholetsa chitetezo, kwa omwe akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi chifukwa khungwali lingatsitse magazi mowonjezera, komanso kwa omwe akumwa warfarin kapena akukonzekera opaleshoni, poti lingachedwetse magazi kuundana.

Dzina limodzi, zomera zambiri

Palinso msampha wa dzina. Ku Mexico ndi kumwera kwa United States, uña de gato ndi dzina la mtengo wina wa minga wa banja la mthethe, wosagwirizana n'komwe ndi wa ku Amazon. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe kuli chomera choyanga cha maluwa okongola achikasu, Dolichandra unguis-cati, chomwe Azungu anabweretsa ngati chokongoletsera mipanda ndipo chimatchedwanso cat's claw. Chinathawa m'minda n'kuyamba kutsamwitsa mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje, moti ku South Africa lamulo limafuna kuti chizulidwe. Munthu wa kwathu wogwira ntchito m'munda wa maluwa ku Durban kapena ku Harare akachiona pampanda asaganize kuti wapeza mankhwala a m'botolo aja aulere. Chinanso ndi devil's claw ya ku Kalahari, yomwe imakumbidwa kwambiri ku Namibia ndipo imagulitsidwa pashelefu yomweyo; imeneyo ndi chomera china, cha mankhwala enanso.

Mayi wa ku Barcelona

Nkhani yomwe ikukhudza kwambiri owerenga a kuno inachitika ku Spain ndipo inasindikizidwa mu 2008. Mayi wa zaka 45, yemwe anali ndi HIV komanso chiwindi chowonongeka ndi hepatitis C, ankapimidwa pachipatala china ku Barcelona pokonzekera kumuika chiwindi china. Atayeza magazi ake anapeza kuti ma ARV atatu omwe ankamwa, atazanavir, ritonavir ndi saquinavir, achuluka kuposa momwe amayenera kukhalira. Mlingo wa mapiritsi sunasinthe. Atamufunsitsa, anaulula kuti wakhala akumwa zikhadabo za mphaka. Anamuuza kuti asiye, ndipo patapita masabata ochepa magazi anabwerera m'malo.

Chomwe chinachitika chili ndi kufotokoza kwake. M'chiwindi ndi m'matumbo muli kantchito kotchedwa CYP3A4 komwe kamaphwanya mankhwala ambiri omwe anthu amamwa kuti atuluke m'thupi. Kupima kwa mulabotale ku Canada mu 2000 kunasonyeza kuti khungwali limakalepheretsa kugwira ntchito. Mphero ikaima, matumba amaunjikana pakhomo. Mankhwala nawo amaunjikana m'magazi, ndipo zovuta zake zimakula. Kwa atazanavir zimenezi zingaonekere m'maso achikasu, ndipo kwa mankhwala ena zingakhudze mtima kapena impso.

M'Malawi muli anthu pafupifupi 1 miliyoni omwe ali ndi HIV, ndipo ambiri a iwo ali pa ma ARV. Kuyambira 2019 ochuluka anasamutsidwira ku piritsi lokhala ndi dolutegravir, lomwe thupi limaliphwanya makamaka kudzera njira ina, ngakhale CYP3A4 imatengako mbali pang'ono. Koma atazanavir wophatikiza ndi ritonavir akadali m'gulu la mankhwala omwe amaperekedwa kwa anthu amene oyamba aja anawakana kapena anasiya kuwagwirira ntchito. Amenewa ndi anthu omwe atopa ndi kudwala, omwe achibale awo a ku Joni kapena ku UK amawatumizira mabotolo mwachikondi, atawerenga mawu oti chitetezo pachikuto. Wotumizayo sanalakwe pofuna kuthandiza. Chomwe sakudziwa ndi choti mawu omwe amukopawo akuloza ndendende kwa munthu yemwe khungwali lingamusokonezere mankhwala.

Madokotala a ku Barcelona anatulukira vuto la mayi uja chifukwa chipatala chawo chimayeza kuchuluka kwa mankhwala m'magazi, zomwe zipatala zambiri za kuno sizichita tsiku ndi tsiku. Kuno chomwe chingaulule ndi pakamwa pa wodwala. Anthu ambiri amabisa zitsamba akafika kwa dokotala poopa kukalipiridwa, ndipo azachipatala ena amafunsa mwaukali womwe umatseka anthu pakamwa. Mayi uja naye sananene poyamba; anachita kufunsidwa.

Zikhadabo za mphaka zili ndi m'bale wake yemwe anayenda ulendo wonse. Khungwa la cinchona linachoka ku Peru komweko m'zaka za m'ma 1600, ndipo mu 1820 Pierre-Joseph Pelletier ndi Joseph Caventou a ku France anapatula kwinini m'khungwalo, kenako mlingo wake unadziwika, pamodzi ndi kulira kwa m'makutu komwe aliyense amene anabayidwapo jakisoni wake amakukumbukira. LA yemwe timamwa lero tikadwala malungo nayenso anachokera ku chitsamba, cha ku China, chomwe Tu Youyou anachifufuza mpaka kulandira mphoto ya Nobel mu 2015. Uña de gato ili pakati pa njira imeneyo: ma alkaloid ake ali ndi mayina, ntchito yake pa kutupa yaoneka mwa odwala osakwana 100 m'makafukufuku awiri aja, ndipo mlingo woyenera sunagwirizanidwe. Amene ali ndi botolo lake m'nyumba ndipo ali pa ma ARV, pa warfarin kapena pa mankhwala a BP, alinyamule pa tsiku lokatenga mankhwala, aliike patebulo pamodzi ndi buku la kuchipatala, kuti wopereka mankhwala awerenge yekha zomwe zalembedwapo.